Batani la back likutseka app yanga, kenako likubweza anthu pa malipiro: ndikonze pati?

Funso: Ndikupanga app ya Android mu Kotlin yoti eni mashopu azigulitsirapo katundu. Ili ndi Activity imodzi ndi ma fragment anayi: mndandanda wa katundu, tsatanetsatane wa chinthu, malipiro, ndi risiti. Poyamba ndikadina back app inkangotseka, kaya ndili pa sikirini iti. Ndinaika addToBackStack, koma tsopano munthu akalipira n'kudina back pa risiti amabwerera pa malipiro, ndipo ena alipira kawiri. Nditayesa kukonza zimenezo, masikirini awiri anayamba kuoneka pamodzi, zilembo zitaunjikana. Ndalemba ma if ambiri mu onBackPressed ya Activity kuti ndidziwe fragment imene ili pamwamba, koma Android Studio yaidula mzere pakati kuti ndi yakale. Njira yoyenera ndi iti?

Yankho: Mavuto anu atatuwa, app kutseka, kubwerera pa malipiro ndi masikirini kuunjikana, akuchokera pamalo amodzi. Inu mukufuna kugamula kumene munthu abwerere pa nthawi imene wadina kale back. Android siyenda choncho. Njira yobwerera imakonzedwa munthu akamapita kutsogolo, pa nthawi imene mukumuchotsa pa sikirini ina kumuika pa ina. Mukaikonza bwino pamenepo, ma if onse aja a mu onBackPressed mudzawafufuta ndipo palibe chimene chidzasowe.

Android payokha imadziwa ma Activity, mawindo amene app imaonekeramo. Ma fragment, amene ndi zigawo za sikirini, anabwera mu 2011 ndi Android 3.0, ija ya Honeycomb, ndipo anawapangira ma tablet, kuti mndandanda ndi tsatanetsatane zizikhala mbali ndi mbali pa sikirini yaikulu. Amakhala m'kati mwa Activity ndipo wowayang'anira ndi FragmentManager. Mukamasinthanitsa ma fragment anayi m'bokosi limodzi osauza FragmentManager kuti asunge kanthu, kwa Android munthu uja sanasunthe, akadali pa Activity yomwe ija. Akadina back, Activity imachoka. Kuyambira pa Android 12, Activity yoyamba ya app siiphedwa, imangokankhidwira kumbuyo, koma kwa mwini shopu ndi chimodzimodzi, zimene amaona zasowa. Ndiye kuika addToBackStack munachita bwino.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa. Amaganiza kuti back stack ndi mulu wa masikirini, woti ukachotsa ya pamwamba ya pansi iwonekere. Zimene zimasungidwa m'menemo ndi ma transaction, kutanthauza ntchito imene munagwira: ndachotsa chakuti, ndaika chakuti. Munthu akadina back, FragmentManager amatenga transaction yomaliza n'kuichita chobwerera m'mbuyo, ngati telala amene akumasula chovala kuyambira pa msoko umene anamalizira. Msoko umene sanalembe m'kabuku kake saukhudza. Ngakhale dzina limene mumapereka mu addToBackStack si dzina la fragment, ndi dzina la transaction.

Tiyeni titsatire zimene zinachitika pa app yanu. Kuchoka pa mndandanda kupita pa tsatanetsatane, transaction inasungidwa: chotsa mndandanda, ika tsatanetsatane. Kuchoka pa tsatanetsatane kupita pa malipiro, inasungidwanso: chotsa tsatanetsatane, ika malipiro. Mutaona kuti anthu akubwerera pa malipiro, ndikukhulupirira kuti munachita zimene pafupifupi aliyense amachita, munachotsa addToBackStack pa ulendo wopita pa risiti poganiza kuti mukatero malipiro aiwalika. Tsopano munthu ali pa risiti wadina back. Transaction yomaliza imene FragmentManager ali nayo ndi ija ya malipiro. Aitembenuza: chotsa malipiro, bwezera tsatanetsatane. Malipiro kulibe kale, ndiye palibe chochotsa. Tsatanetsatane wabwerera. Nanga risiti? Palibe pamene panalembedwa kuti ichotsedwe, ndiye ili pomwepo, m'bokosi lomwelo. Ndiwo masikirini awiri aja. Ena amathetsa zimenezi popaka utoto woyera kumbuyo kwa fragment iliyonse kuti ya pansi isaoneke. Musatero. Fragment yobisikayo ili moyo, ikudya memory, ndipo chala chikagwa pamalo opanda kanthu pa ya pamwamba, batani la ya pansi likhoza kudinika.

Lamulo lake ndi lapafupi: m'bokosi limodzi, mukangoyamba kusunga ma transaction, musadumphe ena pakati. Ngati pali masikirini amene simukufuna kuti munthu awabwererenso, achotseni mu back stack poyera. Perekani dzina pa transaction imene imayambitsa ulendo wogula:

```kotlin
parentFragmentManager.commit {
    setReorderingAllowed(true)
    replace<TsatanetsataneFragment>(R.id.bokosi)
    addToBackStack("kugula")
}
```

Yopita pa malipiro isungidwenso, dzina silofunika, null akwanira. Ndiye malipiro akatheka:

```kotlin
val fm = parentFragmentManager
fm.popBackStack("kugula", FragmentManager.POP_BACK_STACK_INCLUSIVE)
fm.commit {
    setReorderingAllowed(true)
    replace<RisitiFragment>(R.id.bokosi)
    addToBackStack(null)
}
```

Mzere wa popBackStack umamasula zonse mpaka pa transaction ya "kugula", ndipo POP_BACK_STACK_INCLUSIVE imati nayonso imasulidwe. Tabwerera pa mndandanda, kenako taika risiti pamwamba pake. Munthu akadina back pa risiti afika pa mndandanda wa katundu, pamene wogulitsa amafuna kukhala kuti athandize kasitomala wina. popBackStack ndi commit sizichitika nthawi yomweyo, zimaima pamzere n'kuchitidwa motsatana. setReorderingAllowed ndiyo imalola FragmentManager kuziona pamodzi kuti mndandanda usathwanime pa sikirini risiti isanafike, choncho iikeni pa transaction iliyonse. commitNow ndi addToBackStack siziyendera limodzi, mukazisakaniza app imagwa ndi IllegalStateException.

Fragment yoyamba, ya mndandanda, musaiike mu back stack. Mukaiika, back womaliza adzaichotsa n'kusiya sikirini yoyera yopanda kanthu, munthu n'kudinanso kachiwiri kuti atuluke. Ndipo muziiika pokhapokha savedInstanceState ili null. Foni ikatembenuzidwa Activity imamangidwanso, ndipo FragmentManager amabwezeretsa yekha ma fragment onse ndi back stack yawo. Inu mukaikanso mndandanda wina mu onCreate osayang'ana, mwapanga njira yachiwiri yoti masikirini aunjikane.

Ndisanapitirire, nkhani ya kulipira kawiri isathere pa batani la back. Kubisa sikirini ya malipiro kumachepetsa vutoli koma sikulithetsa. Netiweki ikamakoka, munthu amadina "Lipira" kawiri katatu asanaone yankho, ndipo back sakhudzidwa n'komwe. Zimitsani batanilo akangolidina. Koposa apo, malonda aliwonse akhale ndi nambala yakeyake imene app imapanga sikirini ya malipiro ikamatseguka, ndipo seva ikalandira nambala yomweyo kachiwiri izibweza yankho loyamba lija osadulanso ndalama. Ndalama za anthu sizitetezedwa ndi dongosolo la masikirini.

Tsopano za onBackPressed. Mzere umene Android Studio yaudulawo si wokongoletsa. Njirayi inalengezedwa kuti ndi yakale pa Android 13, API 33, mu 2022, ndipo chifukwa chake ndi predictive back. Kuyambira pa Android 10 anthu ambiri sadinanso batani, amakoka chala kuchokera m'mphepete mwa sikirini. Google inafuna kuti chala chikadali pa galasi, munthu aziona kale kumene akupita, kaya ndi sikirini ya m'mbuyo kaya ndi kunja kwa app, kuti ngati sanafune abweze chalacho. Kuti zimenezi zitheke, Android iyenera kudziwiratu ngati app igwira back kapena imusiya. onBackPressed singayankhe funso limenelo chifukwa imaitanidwa zonse zitatha. Pa Android 13 zithunzi zoyenda za predictive back zinali zobisika mu developer options, pa Android 15 zinaonekera kwa aliyense pa ma app amene anavomera mu manifest ndi enableOnBackInvokedCallback, ndipo pa Android 16 ya 2025, app imene target yake ndi API 36 imalowa yokha ndipo onBackPressed siitanidwanso. Pakadali mpata wokana mu manifest, koma popeza Google Play imakweza target API yofunika chaka ndi chaka, ma if anuwo tsiku lina adzangosiya kugwira ntchito mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wa cholakwika.

Cholowa m'malo mwake ndi OnBackPressedDispatcher, imene yakhala mu androidx.activity kuyambira 2019. Activity ili ndi dispatcher mmodzi, ndipo aliyense wofuna kugwira back amalembetsa callback yake. Back akabwera, dispatcher amayambira pa callback imene inalembetsedwa pomaliza, kuyenda chobwerera mpaka atapeza yoyaka, n'kuipatsa ntchitoyo iyo yokha. Ikasowa yoyaka, Android imachita zake za nthawi zonse. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti FragmentManager ali ndi callback yake kale m'menemo, imene imayaka yokha back stack ikakhala ndi kanthu n'kuzima ikatha. Ndiye pa masikirini anu anayi, kubwerera wamba sikufuna mzere ngakhale umodzi wochokera kwa inu.

Callback yanuyanu imafunika pamene back akuyenera kuchita china osati kusintha sikirini: kutseka bokosi lofufuzira, kusiya zinthu zimene zasankhidwa pa mndandanda, kubwerera tsamba limodzi mu WebView, kapena kufunsa kaye munthu amene walemba theka la fomu. Imakhala m'kati mwa fragment imene ikudziwa nkhaniyo, osati mu Activity:

```kotlin
override fun onViewCreated(view: View, savedInstanceState: Bundle?) {
    super.onViewCreated(view, savedInstanceState)

    val funsaKaye = object : OnBackPressedCallback(false) {
        override fun handleOnBackPressed() {
            onetsaChenjezo()
        }
    }
    requireActivity().onBackPressedDispatcher
        .addCallback(viewLifecycleOwner, funsaKaye)

    binding.nambala.doAfterTextChanged { mawu ->
        funsaKaye.isEnabled = !mawu.isNullOrEmpty()
    }
}
```

Taonani kuti imayamba yozima, ndipo imayaka pokhapokha munthu walemba kanthu. Nzeru yake ndi yomwe ija: chigamulo chimapangidwa back asanabwere. Pa intaneti mudzaona zitsanzo zambiri za callback yoyaka nthawi zonse yokhala ndi if m'kati, imene pa else imadzizimitsa n'kuitananso dispatcher. Zimagwira, koma Android imaona kuti app yagwira back ndiye chithunzi cha predictive back sichioneka. Ndipo mukaiwala kuizimitsa musanaitanenso dispatcher, callback imadziitana yokha mosalekeza mpaka StackOverflowError. Munthu akayankha pa chenjezo kuti "inde, ndituluka", ingoitanani parentFragmentManager.popBackStack, basi.

viewLifecycleOwner ndi amene amachititsa kuti callback ilembetsedwe sikirini ikafika pa STARTED, pamene yayamba kuoneka, n'kuchotsedwa ikaima. Pali msampha pamenepa umene umadya nthawi ya anthu. Mukagwiritsa ntchito add m'malo mwa replace, fragment ya pansi siima, imakhalabe RESUMED, ngati kuti ndiyo ili patsogolo. Callback yake ikadali yoyaka, ndipo popeza inalembetsedwa pambuyo pa ya FragmentManager, ndiyo imalanda back ngakhale munthu ali pa sikirini ina. Zomwezi zimachitika mu ViewPager2, mmene masamba a m'mbali amene sakuoneka amakhala pa STARTED. Kumeneko muziyatsa callback mu onResume n'kuizimitsa mu onPause. Pa app yanu, ingokhalani pa replace.

Palinso kachizolowezi kena, kouza munthu kuti "dinaninso back kuti mutuluke". Ine sindikakonda. Kamafuna callback yoyaka nthawi zonse pa sikirini yoyamba, kamapha chithunzi chotulukira, ndipo popeza Android 12 siipha Activity yoyamba, munthu amene watuluka mwangozi akatsegulanso amapeza zinthu pamene anazisiya.

Mukakonza zonsezi mudzakumana ndi funso lachiwiri, loti munthu akabwerera amapeza chiyani. Fragment imene yachotsedwa ndi replace ili mu back stack siifa, koma view yake, zimene zimaoneka pa sikirini, imafa. onDestroyView imaitanidwa, ndipo pobwerera onCreateView ndi onViewCreated zimaitanidwanso pa fragment yomwe ija. Fragment imodzi ikhoza kukhala ndi ma view ambiri m'moyo wake, ndipo zolakwika zambiri za "ndikabwerera zinthu zikusokonekera" zimachokera pa kuiwala zimenezi. Binding muziipanga null mu onDestroyView, apo ayi fragment idzagwirabe view yakufa ndipo memory idzangotayika. Poyang'anira LiveData mu onViewCreated perekani viewLifecycleOwner, chifukwa mukapereka this, ulendo uliwonse wobwerera umaonjezera woyang'anira wina pamwamba pa wakale, uthenga umodzi n'kumaoneka kawiri, kenako katatu.

Mndandanda wa katundu musamaukoke pa seva mu onViewCreated popanda kufunsa ngati mulibe kale. ViewModel ya fragment, kalasi imene imasunga deta ya sikirini, imakhala moyo nthawi yonse imene fragment ili mu back stack, imachotsedwa pokhapokha fragment yatulutsidwa kotheratu. Sungani katundu m'menemo. Wogulitsa amene amatsegula chinthu n'kubwerera kambirimbiri pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse app ikukokanso mndandanda wonse ndi zithunzi zake, bandulo yake ikatha msanga adzaidziwa app imene ikumudyera. Za pamene anafika potsitsa mndandanda, RecyclerView imakumbukira yokha bola ili ndi id, koma ngati katundu afika mochedwa adapter ili yopanda kanthu, imabwerera pamwamba. Kuyambira RecyclerView 1.2.0 mukhoza kuika stateRestorationPolicy ya adapter pa PREVENT_WHEN_EMPTY, ndipo idzadikira katundu afike isanabwezeretse malowo.

Ngati sikirini ya kutsogolo ikuyenera kutumiza kanthu kwa ya m'mbuyo, monga kuuza mndandanda kuti sopo watsala wochepa, gwiritsani ntchito setFragmentResult ndi setFragmentResultListener, zimene zinabwera ndi Fragment 1.3.0 mu 2021 pamene setTargetFragment inapumitsidwa. Onse awiri akhale pa FragmentManager mmodzi, ndipo uthengawo umadikira mpaka wolandira atafika pa STARTED. Tumizani id ya chinthu, osati chithunzi chake kapena mndandanda wonse. Zonse zimene zili mu arguments za ma fragment a mu back stack zimapakiridwa pamodzi app ikapita kumbuyo, ndipo njira imene zimadutsa ili ndi malire a pafupifupi 1 MB. Mukapitirira, mudzaona TransactionTooLargeException pa nthawi imene simukuyembekezera, munthu akangodina home.

Mwina tsiku lina sikirini ya malipiro idzakhala ndi masitepe akeake, kusankha njira yolipirira, kulemba nambala, kutsimikiza. Masitepewo ndi ana a fragment ya malipiro, choncho ayendetsedwe ndi childFragmentManager, imene ili ndi back stack yakeyake. Kuti back ayambe wamasula ya ana asanakhudze ya kholo, fragment ya malipiro iyenera kusankhidwa ndi setPrimaryNavigationFragment pa transaction imene yaiika. Popanda zimenezo back amalumpha masitepe onse kamodzi.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito Navigation Component, library ya Google yoyendetsera masikirini. Ndi funso labwino, ndipo yankho langa ndi lakuti muzafikako, koma osati lero. Inakhazikika mu 2019, ndipo pansi pake ndi FragmentManager yemweyu, kungoti ma transaction amalembedwa ndi NavController m'malo mwa inu. Ulendo wopita pa risiti umangokhala chonchi mu nav graph:

```xml
<action
    android:id="@+id/ku_risiti"
    app:destination="@id/risiti"
    app:popUpTo="@id/katundu"
    app:popUpToInclusive="false" />
```

Samalani kusiyana kwake. Pano popUpTo ikutchula sikirini, osati transaction, ndiye inclusive ndi false chifukwa mndandanda wa katundu tikufuna utsale. Mukaika true, back pa risiti adzatulutsa munthu mu app. True ndi woyenera pa sikirini yolowera ndi password, imene munthu sayenera kuionanso atalowa. Mu layout, NavHostFragment ikhale ndi defaultNavHost="true" kuti ilandire back. Ndipo mukasamuka, samukani kotheratu: kuitana replace ndi dzanja m'bokosi limene NavController akuliyang'anira kumasokoneza kawerengedwe kake, sadziwanso sikirini imene munthu ali.

Navigation ili ndi zake zokwiyitsa. Munthu akadina chinthu kawiri mofulumira, kudina koyamba kumamusamutsa, kwachiwiri kumapeza action ija kulibe pa sikirini yatsopano, app n'kugwa ndi IllegalArgumentException. Yang'anani currentDestination musanaitane navigate. Pa njira ya dzanja kudina kawiri sikugwetsa app koma kumaika transaction kawiri, munthu n'kumadabwa kuti back woyamba sanachite kanthu. Chifukwa chimene ndikunenera kuti musasamuke lero n'chakuti anthu akulipira kawiri panopa, ndipo mizere ili pamwambapa mukhoza kuiika madzulo ano. Nthawi yabwino yosamukira ndi pamene mukufuna kuika ma tab pansi pa sikirini, chifukwa tab iliyonse imafuna back stack yakeyake. Zimenezi zinali mutu waukulu kwa zaka zambiri mpaka Fragment 1.4.0 inabweretsa saveBackStack ndi restoreBackStack mu 2021, ndipo Navigation 2.4.0 inazilumikiza ndi BottomNavigationView kumayambiriro kwa 2022. Kuzilemba nokha n'kutaya nthawi.

Kamuvi kobwerera ka pamwamba kumanzere, ka pa toolbar, kamafanana ndi back m'kati mwa app koma sikatulutsa munthu kunja. Pa mndandanda wa katundu kasaoneke n'komwe.

Chatsala ndi chimene chidzakugwetseni app ikafika m'manja mwa anthu enieni, ndipo chikukhudza mwachindunji mizere ija ya popBackStack. Yankho la malipiro limabwera pa nthawi yake, osati yanu. Kasitomala akulipira ndi ndalama za pafoni, wogulitsa watuluka mu app kukaona SMS yotsimikiza, kapena foni yalira wayankha. Yankho la seva lafika app ili kumbuyo, code yanu yaitana popBackStack ndi commit, ndipo app yagwa ndi uthenga woti "Can not perform this action after onSaveInstanceState". Android inali itajambula kale mmene masikirini alili kuti idzawabwezeretse, ndiye ikukana kusintha kumene sikudzakumbukika. Mudzauzidwa kuti musinthe commit kukhala commitAllowingStateLoss. Commit isiyadi kugwetsa app, ngakhale popBackStack idzaigwetsabe, koma ganizani zimene mwavomera: ngati Android ipha app ili kumbuyoko, wogulitsa akabwerera adzapeza sikirini ya malipiro, batani la "Lipira" lili chiyakire, ndalama zitapita kale. Ndi vuto lanu lija, langolowera khomo lina.

Njira yake ndi kusalola yankho la netiweki kusintha sikirini palokha. Lifike mu ViewModel, lisinthe mkhalidwe wa malonda kukhala "alipiridwa", ndipo fragment iziyang'anira mkhalidwewo ikakhala pa maso pa munthu pokha:

```kotlin
viewLifecycleOwner.lifecycleScope.launch {
    viewLifecycleOwner.repeatOnLifecycle(Lifecycle.State.STARTED) {
        viewModel.mkhalidwe.collect { m ->
            if (m is Mkhalidwe.Alipiridwa) pitaKuRisiti(m.idYaMalonda)
        }
    }
}
```

Yankho likafika app ili kumbuyo, limadikira mu StateFlow. Munthu akabwerera, fragment ifika pa STARTED, iona kuti malipiro atheka, n'kupita pa risiti bwinobwino. Koma ViewModel imapulumuka kutembenuza foni kokha, siipulumuka app ikaphedwa ndi Android pofuna memory. Pa foni yanu yopangira app mwina zimenezi sizichitika kawirikawiri. Pa ma itel ndi ma Tecno a RAM ya 1 GB kapena 2 GB amene ali m'mashopu ambiri, kungotsegula WhatsApp ndi kamera kumakwanira. Android idzabwezeretsa back stack yonse ndi fragment ya malipiro pamwamba, koma ViewModel idzakhala yatsopano, yosadziwa kanthu. Choncho nambala ya malonda ija ikhale mu SavedStateHandle kapena mu database ya Room, zimene zimapulumuka app ikaphedwa, ndipo sikirini ya malipiro ikatseguka n'kupeza nambala yoti inatumizidwa kale, iyambe yafunsa seva kuti zinatha bwanji isanayatse batani.

Muziyesa zimenezi dala. Mu developer options yatsani "Don't keep activities" n'kuyenda ulendo wonse wogula, mukutuluka ndi home pa sikirini iliyonse n'kubwereranso. Izi zimapha Activity yokha, process imatsala. Kuti muone imfa yeniyeni, fikani pa malipiro, dinani "Lipira", dinani home, kenako pa kompyuta lembani adb shell am kill ndi dzina la package yanu. Tsegulani app kuchokera pa recents, osati pa Android Studio, chifukwa batani la Run limaiyambitsa mwatsopano n'kufufuta zonse zimene mukufuna kuona. Muyenera kufika pa risiti, kapena pa malipiro amene akufunsa seva, ndipo back kuchokera pa risiti akuperekeni pa mndandanda wa katundu. Yesani kawiri, koyamba ndi mabatani atatu a pansi, kachiwiri ndi kukoka chala m'mphepete.